KODI TSABOLA WAKALE SAWAWA? ZA WOSEWERA WOBWERERA KU TIMU YAKE

Mpikisano wa ligi ukatha, mabwalo a mpira amakhala zii, koma pakamwa pa anthu okonda masewera sipakhala cete. Imeneyo ndiyo nthawi imene akuluakulu a matimu amakhala pansi kuwerengera ndalama zotsala m'thumba ndi kusankha anyamata amene adzabvala malaya a timu m'caka cotsatira. Kuno ku Chipata, kaya ndi pa msika wa Kapata, kaya pamalo poimirira anyamata a njinga zonyamula anthu, kaya pa bwalo la David Kaunda, pali funso limodzi limene limabuka kawirikawiri, ndipo limagawanitsa ngakhale anthu a nyumba imodzi.

Funso lake ndi ili. Panali mnyamata wamfupi, wocepa thupi, wosewera pakati, amene mpira unali kumumvera monga mwana amvera amace. Matimu akuluakulu a ku Lusaka kapena a ku Migodi anamuona, namtenga. Papita zaka, ndipo mau afika akuti afuna kubwerera kwao. Kodi timu yake yakale imlandire ndi kumlembanso nchito, kapena ingomthokoza ndi kumpatsa mpando pakati pa oonerera?

Ena amati mwana ndi wathu, abwere. Ena amayankha ndi mwambi wa makolo wakuti tsabola wakale sawawa. Nkhaniyi si yongocezera ai, pakuti matimu a kuno ku Cigawo ca Kum'mawa ali ndi ndalama zocepa, ndipo kulakwitsa pa munthu mmodzi kungathe kuononga caka cathunthu. Cotero nkwabwino kuti tione zimene zinacitikira matimu ena amene anakumana nalo kale funso lomweli.

NCHITO YA WOSEWERA WA PAKATI

Tiyambe tamvetsa nchito ya munthu amene tiri kumnena. Kupatula wa pagolo, timu ya mpira iri ndi zigawo zitatu: ochinga kumbuyo, osewera pakati, ndi omwetsa zigoli kutsogolo. Wa pakati ndiye mlatho. Amalandira mpira kucokera kumbuyo, naupereka kutsogolo pa nthawi yake ndi pamalo pake. Waluso weniweni amayamba waceuka kuona kumene kuli anzake mpira usanafike pa phazi lake, kotero kuti ukafika amakhala atadziwa kale kumene aupititse. Akaona kuti anzake atopa, amausunga mpira kuti iwo apumeko. Akaona kuti adani abalalika, amaufulumiza.

Pa nchito yotere kufupika si cilema. Munthu wamfupi amatembenuka msanga, ndipo nkobvuta kumgwetsa cifukwa thupi lake liri pafupi ndi nthaka. Cimene iye sangathe ndico kulimbirana mpira wa m'mwamba ndi anthu atali, kapena kukankhana mapewa ndi zimphona kwa mphindi 90. Nchito imeneyo imafuna mnzake wamphamvu woima pambali pake.

Ife a m'Zambia sitifunikira kuphunzitsidwa zimenezi. Pa 12 February 2012, mu mzinda wa Libreville ku Gabon, timu yathu ya Chipolopolo inakumana ndi Ivory Coast, imene inali ndi amuna a misinkhu monga Didier Drogba ndi Yaya Touré. Ife tinali kudalira luso la Rainford Kalaba ndi Isaac Chansa, anthu amene sanali atali, ndipo pafupi nao panali Nathan Sinkala wowachingira. Mphindi 120 zinatha popanda cigoli, ndipo tinatenga cikho ca Africa pa mapenate 8 kwa 7. Dziko la Spain nalo linatenga cikho ca dziko lonse m'caka ca 2010 likudalira Xavi ndi Andrés Iniesta, amuna a msinkhu wa mita 1.7 kapena kupitirirako pang'ono cabe.

Tsono munthu amene akana wosewera wobwerera cifukwa ca kufupika kwake wasokera njira. Mnyamatayo anali wamfupi pamene anacoka, ndipo timu inamlira ali wamfupi comweco. Cimene casintha si msinkhu, koma zaka ndi miyendo. Pamenepo ndi pamene pali nkhani.

KAMWENDO NDI NYERERE ZA KU BLANTYRE

Citsanzo capafupi ciri kuseri kwa malire a Mwami, kwa abale athu a ku Malawi, amene masewera ao ambiri a ife timawamvera pa wailesi. Joseph Kamwendo, amene anthu anampatsa dzina lakuti Shakira, anali wamfupi ndithu, koma mapazi ake anali ndi nzeru. Anachuka ali mnyamata ku timu ya Wanderers ya ku Blantyre, imene oitsatira amaicha Nyerere kapena Manoma. M'caka ca 2005 anali ku CAPS United ya ku Harare, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse m'dziko la Zimbabwe, ulemu umene mlendo anali asanaulandirepo. Anaseweranso ku Nordsjælland ya ku Denmark, ku Orlando Pirates ya ku Johannesburg, ku Liga Muçulmana ya ku Maputo, ndi ku TP Mazembe ya ku Lubumbashi. Analiponso m'gulu la Malawi limene linapita ku mpikisano wa cikho ca Africa ku Angola m'caka ca 2010, kumene linagonjetsa Algeria 3 kwa 0.

Ku Mazembe mpata wosewera unamcepera, ndipo anabwerera ku Wanderers ali ndi zaka pafupifupi 30. A Wanderers anali ndi njala ya cikho ca ligi, pakuti kucokera m'caka ca 2006 anali asanacitengenso. M'caka ca 2017, motsogozedwa ndi mphunzitsi a Yasin Osman, anacitenga, ndipo Kamwendo anali mmodzi wa mizati ya timuyo. Sanafunikire kuthamanga bwalo lonse yekha, cifukwa pambali pake panali Alfred Manyozo, wa pakati wochinga, pamodzi ndi anyamata ena a miyendo yatsopano. Iye anali kugawa mpira, iwo anali kuulanda ndi kuthamanga nao.

Koma nkhani siinathere pa cikondwerero. M'mwezi wa February 2018, Wanderers inalowa mu mpikisano wa matimu opambana a m'Africa, nikumana ndi AS Vita ya ku Kinshasa. Inagonja 4 kwa 0 ku Kinshasa, nigonjanso 2 kwa 1 ku Lilongwe. Ligi ya caka cimeneco inapita kwa Nyasa Big Bullets, ndipo Kamwendo sanakhalitsenso pa timuyo.

Kodi a Wanderers analakwa pomubweza? Iai, pakuti cikho cimene anali kucilakalaka kwa zaka khumi ndi cimodzi cinabwera. Koma cimene anagula cinali zokolola za nyengo yocepa, osati za zaka zisanu. Timu imene ibweza munthu wa zaka 30 iyenera kudziwa zimenezi pa tsiku lomwelo losaina cipangano, niyambe pomwepo kukonzekera womlowa m'malo.

CHANSA ANABWERERA MPHAMVU ZIKALIPO

Citsanzo caciwiri ndi ca mwana wa dziko lino. Isaac Chansa anacoka ku Power Dynamos ya ku Kitwe kupita ku Orlando Pirates m'caka ca 2004. M'caka ca 2007 anapita ku Helsingborg ya ku Sweden, kumene anasewera pamodzi ndi katswiri wa dzikolo, Henrik Larsson. Atatha zaka zingapo kumeneko, a Pirates anamuitananso.

Pa 21 May 2011, tsiku lotsiriza la ligi ya ku South Africa, Pirates inali kusewera ndi Golden Arrows pa bwalo la Orlando. Nthawi iri pafupi kutha, zigoli ziri 1 kwa 1, Chansa anamenya mpira ali patali, ndipo unakalowa m'golo. Cigoli cimeneco cinapatsa Pirates mapointi ofanana ndi a Ajax Cape Town, ndipo Pirates inatenga cikho cifukwa ca kusiyana kwa zigoli. Cinali cikho cao coyamba ca ligi kucokera m'caka ca 2003. Caka cotsatira anacitenganso, ndipo m'caka comweco Chansa anavala mendulo ya golide ku Libreville.

Tione bwino kusiyana kwake. Chansa anabadwa m'caka ca 1984, kutanthauza kuti pomwetsa cigoli cija anali ndi zaka 27, msinkhu umene wosewera wa pakati amakhala atakhwima nzeru koma miyendo ikali yamphamvu. A Pirates sanabweze cikumbutso ca masiku akale. Anabweza munthu amene anapita kukaphunzira kwina, nabwera woposa mmene anacokera. Kubwerera kwa munthu wa zaka 26 ndi kubwerera kwa munthu wa zaka 34 ndi nkhani ziwiri zosiyana, ngakhale oonerera amaimba nyimbo imodzimodzi powalandira.

PAMENE KUBWERERA SIKUKWANIRA

Mwana winanso wa dziko lino, Clatous Chama, atiphunzitsa mbali ina. Iye anapita ku Simba ya ku Dar es Salaam m'caka ca 2018, ndipo anthu a ku Tanzania anamkonda kwambiri. Ambiri tikumbukira cigoli cake ca cidendene cimene cinaturutsa Nkana mu mpikisano wa Africa m'mwezi wa December caka comweco. M'caka ca 2021 anagulitsidwa ku RS Berkane ya ku Morocco, koma patangopita miyezi yowerengeka, mu January 2022, a Simba anamubweza.

Luso lake linali likalipo. M'mwezi wa March 2023 anamwetsa zigoli zitatu pamene Simba inathudzula Horoya ya ku Guinea 7 kwa 0. Komabe cikho ca ligi ya Tanzania cinapita kwa adani ao, Young Africans, m'zaka za 2022, 2023 ndi 2024. Ndipo mu July 2024 Chama mwini wake anasamukira kwa adani omwewo. Apa pali maphunziro awiri. Loyamba ndi lakuti mutu umodzi susenza denga: timu ikafooka m'zigawo zina, kubweza katswiri mmodzi sikucotsa matendawo, koma kumangowabisa kwa kanthawi. Laciwiri ndi lakuti wosewera ndi munthu wa pa nchito, amene ali ndi banja lofuna kudya. Cikondi ca oonerera sicimanga munthu. Comanga munthu ndi cipangano colembedwa.

Ku Germany, Mario Götze, amene anamwetsa cigoli copatsa dziko lake cikho ca dziko lonse m'caka ca 2014, anabwerera ku Borussia Dortmund m'caka ca 2016 ali ndi zaka 24 zokha. Kumayambiriro kwa 2017 madokotala anampeza ndi matenda a m'thupi amene anamkhazika pansi miyezi yambiri, ndipo sanafikenso pa mlingo umene anthu anali kuyembekeza kufikira anacoka m'caka ca 2020. Ngati timu yolemera yotere, ya madokotala ake, inakumana ndi zimenezi, nanga timu ya kuno imene imalandira munthu pongomva mbiri yake? Dzina limakhalabe lomwelo, koma thupi limasintha mwakacetecete.

NDALAMA NDI MALO A ANYAMATA

Tsopano tibwere ku thumba. Wosewera wocokera ku matimu akuluakulu anazolowera malipiro amene timu ya kuno siingathe kuwafikira. Akuluakulu a timu akakakamizika kumpatsa zoculuka, ndalama zimenezo zimacokera pa mbale ya anzake. Pamenepo mumamva kuti anyamata sanalandire kanthu miyezi iwiri, kapena kuti galimoto yopita ku masewera a ku Lundazi kapena ku Petauke yasowa mafuta. Ndipo mnyamata amene athamangira katswiriyo mphindi 90 ali ndi njala, podziwa kuti mnzakeyo walandira zonse, sadzathamanga ndi mtima wonse.

Njira ina yocitira inaoneka ku Spain. Santi Cazorla, wa pakati wamfupi amene anatenga cikho ca Ulaya ndi dziko lake m'zaka za 2008 ndi 2012, naseweranso ku Arsenal ya ku London, anakulira m'gulu la acinyamata la Real Oviedo. Anabwerera kumeneko m'caka ca 2023 ali ndi zaka 38, atapirira kubvulala koopsya kwa mwendo kumene kunafuna maopareshoni ambiri. Anabvomera malipiro otsikitsitsa amene malamulo a ligiyo alola, napempha kuti gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama zogulitsa malaya a dzina lake lipite ku sukulu ya mpira ya ana a timuyo. M'mwezi wa June 2025, Oviedo inakwera kulowa m'ligi yaikulu ya Spain patapita zaka 24, ndipo Cazorla, ali ndi zaka 40, anamwetsa zigoli m'masewera otsiriza opikisanira malowo. Si onse angathe kudzimana cotero, ndipo sitinganyoze munthu wofuna malipiro a thukuta lake. Koma citsanzoci cionetsa kuti kubwerera kumakoma pamene wobwerayo sakhala mtolo pa anzake.

Palinso nkhani ya malo. M'bwalo mumalowa anthu 11 okha. Malo amene apatsidwa kwa wobwerera alandidwa kwa wina, ndipo kawirikawiri winayo ndi mnyamata wa zaka 18 kapena 19 amene akali kuphuka. Tisaiwale kuti Fashion Sakala anabadwira kuno ku Chipata m'caka ca 1997, nadzera ku Nchanga Rangers ndi Zanaco, nathandiza dziko kutenga cikho ca Africa ca osapitirira zaka 20 m'caka ca 2017, mpaka anafika ku Rangers ya ku Glasgow m'caka ca 2021. Anyamata otere alipo ena m'midzi ya kwa Mpezeni, kwa Kawaza ndi kwa Mwase, koma saoneka akakhala pa benci. Cuma ceniceni ca timu ya ku cigawo ndico kulera anyamata otere.

Alimi adziwa kuti pophunzitsa ng'ombe yaing'ono kulima, amaimanga pa goli limodzi ndi yaikulu yodziwa mzere. Yaikuluyo imaongola, yaing'onoyo imapereka mphamvu, ndipo pakutha pa nyengo yaing'ono ija yadziwa nchito. Palibe mlimi amene amagula ng'ombe yokalamba kuti yaing'ono ikhale m'khola. Katswiri wobwerera ayenera kukhala pa goli limodzi ndi mnyamata womlowa m'malo, osati kumtsekera khomo.

MABWALO ATHU

Cinthu cina cimene sitiyenera kucibisa ndico mkhalidwe wa mabwalo athu. Mabwalo ambiri a ku Katete, Chadiza, Lundazi ndi m'midzi yozungulira Chipata ndi a dothi lolimba ndi lokumbika m'cilimwe, ndipo m'dzinja amasanduka matope. Pa bwalo lotere mpira sugudubuzika moongoka, ndipo ndico cifukwa cake matimu ambiri amangouponya m'mwamba kucokera kumbuyo mpaka kutsogolo. Wa pakati wamfupi angathe kutha masewera onse akuyang'ana kumwamba monga mwana woyingitsa mbalame m'munda wa mapira. Pamenepo anthu adzati watha, pamene colakwa si cake. Timu imene ifuna munthu wotere iyenera kubvomera kusewera mpira wapansi, ndi kugwira makasu kusalaza bwalo lake. Nchito imeneyo siifuna ndalama zambiri. Ifuna anthu ogwirizana.

MAFUNSO ASANU

Cotero, inu akuluakulu a matimu, mwana wanu wakale akagogoda pa khomo, musamuyankhe ndi mtima wokha, ndiponso musamkane cifukwa ca msinkhu. Yambani mwadzifunsa mafunso awa.

Loyamba: kodi m'miyezi 12 yapitayi wasewera masewera angati? Munthu amene wakhala pa benci kapena pa mphasa caka cathunthu ayambe waonedwa ndi dokotala, ndipo acite maphunziro a mpira ndi anzake masabata angapo cipangano cisanalembedwe. Katswiri weniweni saopa kuyesedwa.

Laciwiri: kodi amene amfuna ndi mphunzitsi, kapena ndi komiti yofuna kukondweretsa anthu? Wosewera wobwera mokakamiza mphunzitsi amabweretsa mitu iwiri m'timu imodzi.

Lacitatu: kodi alipo wamphamvu woima pambali pake, monga Sinkala anacitira Chansa, monganso Manyozo anacitira Kamwendo? Ngati palibe, yambani mwapeza ameneyo.

Lacinayi: kodi mungathe kumlipira popanda kumana anzake? Cipangano cikhale colembedwa, ca caka cimodzi, ndipo cionjezedwe ngati nchito yaoneka.

Lacisanu: kodi abvomera kuphunzitsa acinyamata, ndi kukhala pansi tsiku limene mphunzitsi wasankha mnyamata m'malo mwake?

Ngati mayankho onse asanu ali abwino, mlandireni ndi manja awiri, pakuti wa pakati wodziwa kusunga ndi kugawa mpira ndi wosowa, ndipo anyamata athu adzaphunzira kwa iye zimene sakanaziphunzira pa bolodi. Ngati limodzi la mayankhowo lipereweza, mpatseni ulemu wina: akhale wothandiza mphunzitsi, kapena aphunzitse ana a sukulu madzulo. Pamenepo luso lake silitayika, ndipo dzina lake silidetsedwa ndi masewera amene miyendo yake siingathe kuwakwanitsa.

Nanunso oonerera muli ndi mbali yanu. Inu ndinu amene mumaimba mokweza kuti abwere, ndipo inu nomwe ndinu oyamba kumnyoza akataya mpira kawiri. Munthu amene munamuona zaka zisanu ndi zitatu zapitazo musamuyembekeze kuti aturukenso m'cipinda cobvalira ali cimodzimodzi. Makolo ananena zoona kuti tsabola wakale sawawa, koma Kamwendo, Chansa ndi Cazorla aonetsa kuti si tsabola yense wa m'nkhokwe amene wasukuluka. Mai wanzeru amayamba walawa asanathire mu ndiwo za alendo, ndipo matimu athu acite cimodzimodzi.